Kodi Wowerenga Buku Ali ndi Ngongole kwa Anzake?

Kwa Kawale, mumzinda wa Lilongwe, dzuwa likapendeka ana asukulu amadzaza misewu pobwerera kwawo. Ena amalowera ku Biwi, ena ku Chilinde, ena amayamba aima pabwalo la Masintha kuonerera mpira. Pakati pa anawa sipalephera kupezeka kagulu ka anyamata ndi atsikana a Fomu 3 kapena Fomu 4 koyenda pang'onopang'ono, mmodzi atakumbatira buku lothothoka chikuto, lomwe masamba ake anada kale ndi thukuta la manja ambiri. Funso limene amafunsana ndi lalifupi: "Ukuwerenga chiyani masiku ano?" Likangoyankhidwa limabwera linzake: "Nanga muli zotani m'menemo?"

Mafunso awiriwa amamveka ngati macheza ofupikitsira njira, koma m'kati mwake mwabisala nkhani yofunika kuisinkhasinkha. Kodi munthu akawerenga buku, zimene wapezamo ndi zake yekha monga ndalama za m'thumba mwake, kapena ali ndi mangawa kwa anzake? Ndipo ngati ngongoleyo ilipo, ayenera kuibweza motani?

Choyamba kukumbukira n'chakuti m'madera ngati Kawale, Chinsapo, Mgona ndi Area 25, buku silifika m'manja mwa munthu mwa mphamvu zake zokha. Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukuluzo chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Odziwa kuwerenga anachuluka, koma mabuku sanachuluke molingana nawo. Bungwe la National Library Service, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, lili ndi likulu lake ku City Centre, ndipo mwana wa kwa Kawale wofuna kukabwereka buku kumeneko ayenera kupeza ndalama ya minibasi kapena kupirira mtunda wapansi. Mabuku ena amagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito m'makonde a masitolo m'tauni, ena amasiyidwa ndi achimwene kapena achemwali amene analemba kale mayeso, ena amachokera kwa aphunzitsi achifundo. Motero buku lililonse limene mwana akuwerenga lili ndi mbiri ya anthu amene analigula, analisunga ndi kulimata pamene linang'ambika. Wolandira chinthu chodzera m'manja ambiri chotere sanganene kuti alibe mangawa ndi munthu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amene lero wauza mnzake za buku labwino, mawa adzauzidwanso za lina limene iye sakanalidziwa.

Komatu kusowa kwa mabuku si chifukwa chachikulu. Ngakhale nyumba iliyonse ya kwa Kawale itadzaza ndi mabuku mpaka kudenga, kukambirana kukanafunikabe, pakuti maso a munthu mmodzi saona zonse zili m'buku. Aliyense amawerenga ndi moyo umene wakhalamo, ndipo moyo wa munthu mmodzi ndi wopapatiza.

Chitsanzo chabwino ndi buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria lotchedwa Things Fall Apart, lomwe linatuluka m'chaka cha 1958 ndipo lawerengedwa m'sukulu zambiri mu Africa. Nkhani yake ndi ya Okonkwo, munthu wamphamvu amene anadzikweza yekha ndi khasu ndiponso nyonga zake, pothawa manyazi a bambo wake Unoka amene anali waulesi ndi wangongole. Ana atatu atawerenga bukuli angathe kutulukamo ndi anthu atatu osiyana. Mnyamata amene akulimbana ndi umphawi wa pakhomo angaone mwa Okonkwo ngwazi yokana kugonja, yomwe inasankha imfa m'malo mogwadira atsamunda. Mtsikana angaone mwamuna wankhanza amene anamenya mkazi wake ngakhale pa sabata imene mudzi wonse unkasunga mtendere. Wachitatu, amene mwina analeredwa pakhomo pa eni, sangaiwale Ikemefuna, mnyamata amene anakhala zaka zitatu m'nyumba ya Okonkwo namutcha bambo, koma Okonkwo yemweyo anamutema ndi chikwanje poopa kuti anthu angamuyese wofooka.

Palibe mwa atatuwa amene wanama, komanso palibe amene waona zonse. Akakhala pansi n'kufotokozerana, mnyamata uja amazindikira kuti mphamvu zimene ankasirira zinali ndi mantha m'kati mwake. Mtsikana uja amazindikira kuti nkhanza zimene ankadana nazo zinali ndi chiyambi chake, ngakhale kuti chiyambicho sichizilungamitsa. Pamenepo buku lija lakula, chonsecho palibe tsamba limene lawonjezedwa. N'chifukwa chake mwambi umati mutu umodzi susenza denga. Wowerenga amene sauza mnzake zimene waona amamana mnzakeyo, komanso amadzimana yekha mwayi wokonzedwa pamene walakwitsa. Maganizo osayesedwa pamaso pa ena ali ngati mbiya yosaotcha: imaoneka yolimba kufikira tsiku limene athiramo madzi.

Pali chifukwa chachitatu chimene achinyamata a masiku ano sachidziwa bwino, popeza anabadwa zinthu zitasintha. Funso lakuti "Ukuwerenga chiyani?" silinali lopepuka nthawi zonse m'dziko la Malawi. M'chaka cha 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo mabuku ambiri analetsedwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods m'chaka cha 1981. Patapita zaka zochepa bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'nyumba zowerengeramo mabuku, ndipo mu 1987 mwini wake anamangidwa n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Anatuluka m'chaka cha 1991. M'masiku amenewo munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la buku, chifukwa sankadziwa ngati womufunsayo ndi mnzake weniweni kapena kazitape.

Ngakhale zinali choncho, anthu sanaleke kugawana zowerenga. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika, yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu m'dziko, inawerengedwa m'matchalitchi. Boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, koma anthu anapitiriza kupatsirana ndi kufotokozerana zimene zinalimo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994 anatsimikiza ufulu wolankhula zakukhosi. Kalata ija ikanakhala kuti aliyense anaiwerenga yekha n'kuibisa kunsi kwa mphasa osauzako mnzake, mphamvu yake ikanathera pomwepo. Choncho mwana wa kwa Kawale amene lero akutsutsana ndi mnzake za buku, mokweza mawu, pamsewu wodzaza anthu, akudya zipatso za mtengo umene ena anauthirira ndi misozi. Ufulu wogulidwa ndi mtengo wotere si woti n'kuusiya uchite dzimbiri.

Pano wina angatsutse. Anganene kuti kuwerenga ndi ntchito ya mumtima, ndipo si zonse za mumtima zoyenera kuyalidwa pabwalo. Anganenenso kuti alipo anthu olongolola za mabuku amene moyo wawo susonyeza chilichonse cha zimene amawerenga, pomwe ena ofatsa amawerenga mwakachetechete n'kusintha mudzi wonse. Mawu amenewa ali ndi nzeru ndipo sayenera kukankhidwira kumbali. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita kukalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale kwawoko, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa, kotero ankadalira kwambiri zithunzi. Atayamba kutolera zitsulo zotayidwa, anthu ambiri ankamuyesa wamisala. Mnyamatayu sanapambane ndi mawu. Anapanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi panyumba ya makolo ake, ndipo anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni awo.

Kodi nkhani imeneyi ikugwetsa mfundo yakuti wowerenga ali ndi ngongole? Ayi, ikungoonetsa kuti ngongoleyo ili ndi njira zambiri zobwezera. Kamkwamba anabweza ndi manja ake poyamba, ndipo pambuyo pake anabwezanso ndi mawu pamene mbiri yake inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009. Chimene sanachite ndi kukwirira nzeruzo. Choonadi chimene wotsutsa uja wagwira ndi chakuti buku limafuna nthawi yokhala phee mumtima lisanatuluke pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti, "Ndikadawerenga, ndidzakuuza ndikamaliza," ndiponso ali ndi ufulu wosunga zimene buku lamukhudza pa chilonda cha mumtima mwake. Koma kudekha n'kosiyana ndi kumana. Mwana amene amabisa buku pansi pa matiresi kuti anzake asalione mayeso a MSCE asanafike sakusinkhasinkha ayi; akungofuna kuti apambane yekha.

Tsopano ngati ngongole ilipo, ibwezedwe ndi ndalama yotani? Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa ngongole yobwezedwa ndi ndalama yachinyengo ndi yoipa kuposa yosabwezedwa. Ndalama yoona pokambirana za mabuku ndi chilungamo, ndipo chilungamochi chimayesedwa pawiri.

Poyamba, munthu asanene kuti wawerenga buku limene sanawerenge. Chiyeso chimenechi ndi chachikulu masiku ano pamene manotsi achidule a mabuku a mayeso amayenda m'mafoni, ndipo mwana angathe kutchula mayina a anthu onse a m'nkhani asanatsegule tsamba loyamba. Makolo anachenjeza kale kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Wofotokoza buku limene anangomva kwa ena amafalitsa zolakwika za enawo, n'kuwonjezerapo zake. Choipa kwambiri n'chakuti amadzitsekera yekha khomo, pakuti akanena kawiri katatu kuti analiwerenga, amachita manyazi kukalibwereka. Palibe chochititsa manyazi m'mawu akuti, "Limenelo sindinaliwerenge, tandiuza." Safunsa anadya phula.

Kachiwiri, munthu anene zimene waonadi m'buku, osati zimene akuganiza kuti anthu akufuna kumva. Buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Ntara, linapambana mpikisano wa zolembalemba m'zinenero za mu Africa ndipo linasindikizidwa mu 1933; m'chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Ndi limodzi mwa mabuku olemekezeka a Chichewa, lofotokoza moyo wa munthu kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wopulupudza, ufumu wake, mpaka kutembenuka kwake mtima. Mwana wasukulu angathe kuliwerenga n'kuona kuti mbali yofotokoza miyambo ya kumudzi yamugwira mtima, koma kutembenuka kwa Nthondo sikunamukhutiritse. Kodi abise maganizo amenewa poopa dzina la mlembi? Akatero ndiye kuti sakulemekeza Ntara, akungomuopa. Ulemu weniweni kwa mlembi ndi kuwerenga ntchito yake mosamala, kunena pamene yakoma ndi pamene yaperewera, ndi kupereka zifukwa zochokera m'buku momwemo. Wonena kuti "n'losakoma" popanda chifukwa ndi waulesi mofanana ndi wonena kuti "n'lokoma" popanda chifukwa.

Chilungamo chotere chimafuna mnzake, ndiye kudzichepetsa. Wonena maganizo ake ayenera kukhala wokonzeka kumva kuti waphonya, ndipo asasandutse macheza a mabuku kukhala bwalo lodzionetserapo. Alipo ena amene amatchula mayina a mabuku akuluakulu ndi cholinga chakuti mnzawo amene sanapite patali ndi sukulu adzione wochepa. Oterewa sakubweza ngongole, akukongoza ena manyazi. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa kwa Kawale, amene buku lake ndi Baibulo kapena Korani yokha, angathe kumva nkhani ya Okonkwo kuchokera kwa mwana wake n'kunena mawu amodzi okhudza mantha a amuna, amene mwanayo sakanawapeza m'manotsi alionse.

Kagulu kaja kakafika pamphambano pamene njira zimasiyana, buku lothothoka chikuto lija limachoka m'manja mwa mmodzi kupita kwa wina, pamodzi ndi chenjezo lakuti libwere Lolemba lili lonse. Wolitenga akalowa nalo m'nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, momwe mwina aliwerenga ndi kandulo magetsi akazima, ang'ono ake ali m'tulo. Ngongole yake yayamba usiku womwewo, ndipo ili patatu: kulisamala bukulo, kuliwerenga mpaka kumapeto, ndi kudzanena zoona Lolemba anzake akadzamufunsa kuti muli zotani m'menemo.