Chovala cha Eid Chimene Telala Sasoka

Mwezi wa Ramadhan ukamapita kumapeto, matelala a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota sagona tulo. M'masiku omwewo, maanja ambiri amakangana: ndalama ya nsalu ichokera kuti, tiyamba kuchezera kuchimuna kapena kuchikazi? Ena amafika potenga katapila, kuiwala kuti riba ndi yoletsedwa, ndipo chimwemwe cha tsiku limodzi chimabala ngongole ya miyezi. Nanga mwambo wa Eid womanga banja ndi uti?

Ndime 187 ya Surat Al-Baqara, pakati penipeni pa malamulo a kusala, imayerekeza mwamuna ndi mkazi ndi chovala cha wina ndi mnzake. Chovala chimabisa manyazi ndi kutchinga mphepo ya mwera. Miyambo yathu iyesedwe pa sikelo imeneyi.

Pa 1 Shawwal, tisanapite ku swala, tiyeze limodzi Zakatul Fitr, pafupifupi makilogalamu atatu a chakudya pa munthu aliyense, ndi kugwirizana khomo losowa limene ipite. Tipemphane chikhululuko m'nyumba tisanagwirane chanza ndi akunja, pakuti n'chinyengo kumwetulira ku mzikiti pomwe kuchipinda sitilankhulana. Pa 10 Dhul Hijja, pogawa nyama, apongozi a mbali zonse alandire mofanana. Amene ali ku Johannesburg aimbe foni m'mamawa. Ndalama yokha silowa m'malo mwa liwu.

Nsalu ya chaka chino idzasuluka, koma ana adzatengera ku maukwati awo mmene bambo ndi mayi ankalankhulirana pa tsikuli.