Kodi Kugula Motchipa Kwa Munthu Wopanikizika N'kulakwa?

Nkhani iyi tinaikambirana pa msonkhano wathu ndipo sitinamvane chimodzi, choncho taibweretsa kuno kuti nanunso muilingalire.

Banja lina la m'parishi mwathu linkafuna kiyibodi ya panyumba. Cholinga chinali chabwino. Ana awo awiri amaimba kwaya, ndipo makolo anaona kuti n'kwabwino madzulo azikhala pakhomo kuphunzira nyimbo kusiyana n'kumangoyendayenda. Yatsopano ya m'sitolo sakanaikwanitsa. Kenaka anamva kuti mnyamata wina akugulitsa Yamaha yake ya makiyi 61, yosamalidwa bwino, ya adaputala yake, yothekanso kuliza ndi mabatire magetsi akathima. Bambo a m'nyumbamo anayesa kiyi iliyonse, nafunsanso risiti, pakuti kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Mpaka apa palibe chowadzudzula.

Koma mnyamatayo anaulula chimene ankaigulitsira. Mayi ake anali atatumizidwa ku chipatala chachikulu ndipo ndalama zinkafunika tsiku lomwelo. Bambo aja atamva zimenezi anayamba kunenerera, uku akuchita ngati akubwerera, mpaka anaitenga pa theka la mtengo umene anauzidwa poyamba.

Ena mwa ife anati palibe anamukakamiza, kunenerera ndiwo malonda, ndipo bambowo akanapanda kugula mnyamatayo akanagona wopanda ngakhale tambala. Zonsezi n'zoona, ifenso pa kaunjika sitilipira mtengo woyamba. Komatu wa kaunjika akatikaniza lero, mawa agulitsa kwa wina. Mnyamata uyu sakanatha kudikira mawa, ndipo wogulayo ankadziwa. Chimene chinatsitsa mtengo si kutha kwa kiyibodi ayi, koma matenda a mayi ake.

Enafe amene tinagwirapo ntchito ya unamwino zoterezi tinaziona kwambiri. Ngakhale pamene chithandizo chili chaulere, pamafunika ya thiransipoti, chakudya cha wodikirira wodwala, ndi mankhwala ogula akasowa. Tinaona anthu akugulitsa wailesi, njinga, ngakhale chitenje chimene anabwera nacho, pa mtengo womvetsa chisoni. Tivomereze kuti nthawi zina ogulawo tinali ife tomwe, ndipo tikafika kunyumba tinkati Mulungu watikomera mtima.

Malemba sanaisiye nkhaniyi. Levitiko 25 amaletsa kupsinjana pogula ndi pogulitsa, ndipo amapatsa munthu amene wagulitsa munda wake chifukwa cha umphawi mwayi wodzauwombola akapeza bwino. Pa Genesis 23 Abrahamu anauzidwa kuti angotenga phanga la Makipela, koma analipira masekeli 400 asiliva pamaso pa anthu. Davide nayenso, pa 2 Samueli 24, anakana dwale ndi ng'ombe zaulere za Arauna, nalipira masekeli 50, chifukwa sanafune kupereka kwa Mulungu chinthu chimene sanachivutikire. Ife apa m'pamene patigwira mtima, pakuti pa kiyibodi imeneyi anawo aziphunzirapo nyimbo zoimba pa Misa.

Sitikunena kuti banjalo likanalipira mtengo wa yatsopano, kapena kuti likanaisiya. Likanangofunsa kwa odziwa, monga aphunzitsi a kwaya, kuti yotereyi imagulidwa zingati, n'kupereka zomwezo. Ngati ndalama zinali zochepadi, likanapereka zimene linali nazo n'kulonjeza zotsalazo pakutha pa mwezi, kapena kupangana kuti mwiniwake akadzapeza ndalama adzaiwombole.

Mayi a m'banjamo ndi mnzathu wa m'bungwe, ndipo ndiwo anatilola kulemba izi. Patapita sabata anatenga ndalama za ku banki m'khonde n'kukamupatsa mnyamata uja kuchipatala. Amuna awo mpaka lero akuti kumeneko kunali kutaya ndalama, popeza malonda anali atatha kale. Mnyamatayo tsopano amabwera Loweruka lililonse kudzaphunzitsa anawo, ndipo malipiro ake bambowo sananenererepo.