Nsapato ya Cinderella ndi ya ndani?

Mu 1997, mlembi wa ku Ireland, Emma Donoghue, yemwe ambiri anadzamudziwa pambuyo pake ndi buku la Room, anatulutsa kabuku ka nkhani 13 kotchedwa Kissing the Witch. Anatenga nthano zakale za ku Ulaya zomwe ambirife tinakumana nazo m'makatuni, monga Cinderella, Snow White, Rapunzel ndi Beauty and the Beast, n'kuzifotokozanso mwatsopano. M'nkhani zingapo, mtsikana uja sathera m'manja mwa kalonga. Amene mtima wake wamusankha ndi mkazi mnzake.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu chala chayamba kale kuyabwa kuti mutseke tsambali. Dikirani kaye. Funso lomwe bukuli limadzutsa limakhudza aliyense wokonda nkhani, kaya amagwirizana ndi chikondi chotere kapena ayi. Kodi munthu ali ndi ufulu wotenga nthano ya makolo n'kuipinda kuti ikwane moyo wake? Akatero, waba, kapena wangochita zomwe onena nthano akhala akuchita chikhalire?

Dandaulo lomwe limabwera msanga ndi loti anthuwa akuononga nthano yeniyeni. Vuto ndi loti nthano yeniyeniyo ukaifunafuna siipezeka. Cinderella yemweyu ku China analembedwa kale m'zaka za m'ma 800, dzina lake ali Ye Xian, ndipo chomwe chinkamuthandiza ndi mafupa a nsomba. Ku Naples mu 1634 munatuluka nkhani ya Giambattista Basile yonena za Zezolla, mtsikana yemwe anapha mayi ake omupeza powathyola khosi ndi chivundikiro cha bokosi. Dzungu losanduka ngolo ndi nsapato yagalasi zinabwera ndi Charles Perrault ku France mu 1697. Kwa Jacob ndi Wilhelm Grimm a ku Germany kulibe dzungu. Kuli mtengo womera pamanda a mayi ake, ndipo ana a mayi womupeza uja amadzidula, wina chala wina chidendene, kuti phazi lilowe munsapato. Disney mu 1950 inasankha ya Perrault, yopanda magazi, ndipo ndi imeneyo inakhazikika m'mitu mwathu mpaka kumaoneka ngati ndiyo yokhayo.

A Grimm omwewo sanazisiye nthanozi mmene anazipezera. Buku lawo linatuluka koyamba mu 1812, ndipo pofika 1857 linali litasindikizidwa kasanu ndi kawiri, Wilhelm akukonza apa ndi apo. Poyamba, wofuna kupha Snow White anali mayi ake omubereka. Mu 1819 anasandutsidwa mayi womupeza. Poyamba, Rapunzel anadziulula yekha pofunsa chifukwa chomwe zovala zinayamba kumuthina, kusonyeza kuti kalonga sankabwera kudzangocheza. Zimenezo zinachotsedwa kuti bukulo liziwerengeka pabanja. Ndiye kuti ngakhale nthano zomwe timaziona ngati zosakhudzidwa zinadutsa kale m'manja mwa anthu omwe anazipinda kuti zigwirizane ndi chikhalidwe chawo.

Ife a kuno siziyenera kutidabwitsa. Wonena nthano akati padangokhala, omvera n'kuyankha kuti tilitonse, pomwepo nthano yakhala ya onse ali pamotowo. Kalulu wa agogo anu si ndendende kalulu wa agogo a mnzanu. Wina amawonjezera nyimbo, wina amasintha mathero pofuna kudzudzula mwana wosusuka yemwe wakhala pafupi. Palibe amaitanidwa kubwalo chifukwa cha zimenezo.

Komabe, kunena kuti aliyense amasintha nthano sikutanthauza kuti kusintha kulikonse n'kwabwino. Pali kusintha kwaulesi. Munthu amangochotsa kalonga, n'kuikapo mwana wamkazi wa mfumu, zina zonse n'kuzisiya momwemo: nyumba yachifumu ili pompo, mtsikana wosauka akupulumukabe pokwatiwa ndi wolemera, kukongola kudakali chiphaso cholowera kumtendere. Nkhani yotere yangosintha chitenje, munthu ndi yemwe uja. Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: kodi wolembayu wayankha funso lomwe linali kale m'nthanoyo, kapena wangopachikapo zake?

Apa ndi pomwe Donoghue amachita bwino. Taganizirani za Cinderella. Kalonga wavina naye usiku wonse, koma kutacha sangathe kumuzindikira nkhope, mpaka kuyendayenda ndi nsapato khomo ndi khomo. Chikondi chanji chimenecho, eti? Nanga ndani anamuona mtsikanayu ali m'phulusa, asanasambe, asanavale, n'kuona kuti ndi munthu? Ndi mzimayi uja anabwera kudzamuthandiza. Mu The Tale of the Shoe, mtsikanayo amapita kudansi, kalonga amamufunsira, koma iye amathawa n'kubwerera kwa mzimayi amene anamuona poyamba. Chinanso, m'nkhaniyi mulibe womukalipira kuti akolope. Mawu omulamula ali m'mutu mwake momwe, mayi ake atamwalira. Aliyense amene anaferedwapo n'kumadzipanikiza ndi ntchito kuti asaganize adzaimva nkhaniyi msanga.

The Tale of the Rose ndi ya Beauty and the Beast. Nthano yakaleyo imaphunzitsa kuti chomwe mudzi wonse ukuchitcha chilombo chingakhale munthu. Donoghue amangopita nayo mfundoyo patsogolo pang'ono: kuseri kwa chigoba kuli mkazi, ndipo mtsikana uja amayenera kudzifunsa kuti mantha ake anachokera kuti, ndani anamuphunzitsa. Mu The Tale of the Apple, Snow White ndi mayi ake omupeza amasiya kukhala mngelo ndi satana, amasanduka akazi awiri a misinkhu yoyandikana omwe aikidwa m'nyumba imodzi kuti azilimbirana malo. Sikuti nkhani zonse 13 ndi zachikondi. Zina ndi za umayi, za ntchito, za ukalamba, za njala.

Pali nthano imodzi yomwe mwina ululu umenewu unalimo kuyambira pachiyambi. Hans Christian Andersen wa ku Denmark anatulutsa The Little Mermaid mu 1837. Chaka cha 1836, Edvard Collin, mnzake yemwe Andersen ankamulembera makalata osonyeza chikondi chakuya, anakwatira mkazi. Collin mwini wake anadzalemba pambuyo pake kuti chikondi chimenecho sakanatha kuchibwezera. Tsono werenganinso nthanoyo: mtsikana wa m'nyanja amadulidwa lilime, akaponda pansi amamva ngati waponda mipeni, sangathe kunena zomwe zili mumtima, ndipo amaonerera yemwe amamukonda akukwatira wina. Akatswiri ena a zolembalemba amaona moyo wa Andersen m'nthanoyi. Ukwati womwe timaudziwa kumathero kwake unabwera ndi Disney mu 1989. Ndiye wosintha nthano ndi ndani pamenepa?

Bukuli lili ndi pofooka pake. Amuna ambiri mmenemu ndi opyapyala: bambo wofooka, kalonga wosaganiza, mwamuna wotsekera mkazi m'nyumba. Ngati cholinga ndi kubwezera umunthu kwa omwe nthano zinawamana, si bwino kuulanda kwa ena. Komanso akazi 13 onsewa amalankhula mofanana kwambiri, moti ukawerenga nkhani zisanu motsatizana umamva mawu a mlembi kuposa a anthu ake. Werengani imodzi kapena ziwiri patsiku basi.

Mabuku ena amtunduwu amasankha njira ina. Ash ya Malinda Lo, yomwe inatuluka mu 2009, imaika Cinderella m'dziko lomwe mkazi kukonda mkazi mnzake si nkhani yoti anthu n'kutembenuka. Wina anganene kuti limenelo ndi bodza lotonthoza, chifukwa dziko lenileni silili choncho. Koma nthano zakhala zikunena bodza lotonthoza kuyambira kale. Mwana wamasiye sakwatiwa ndi kalonga, kalulu sagonjetsa njovu. Timazinenabe chifukwa mwana amene wazimva amagona akudziwa kuti wamng'ono naye ali ndi mawa.

Pamenepa ndi pomwe pagona funso la chikhalidwe. Mathero abwino m'nthano ndi lonjezo lomwe akuluakulu amapereka kwa ana: ukapirira, ukakhala wachifundo, udzapeza wako. Nanga mnyamata kapena mtsikana amene wazindikira kuti mtima wake sukupita komwe nthano zonse zikuloza? Iye amaphunzira kuti malo ake m'nkhani ndi a mfiti, a chilombo, kapena palibiretu. Olemba ngati Donoghue akuti naye apatsidwe mathero. Mutha kukana zimenezo, koma dziwani chomwe mukukana.

Ambiri amakana chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo sindikuwatenga ngati opanda nzeru. Munthu amene mpingo kapena mzikiti wake unamuphunzitsa kuti chikondi chotere ndi tchimo sangasinthe chifukwa cha kabuku kamodzi. Nkhawa ya makolo ndi yomvekanso, ngakhale kuti bukuli si la ana a pulayimale, ndi la achinyamata okhwima ndi akuluakulu. Chomwe sindivomereza ndi maganizo oti kuwerenga n'kuvomereza. Timawerenga za Davide ndi Betiseba osasanduka achigololo. Timawerenga mabuku a zigawenga osagula mfuti. Kuwerenga ndi kulola munthu amalize kulankhula usanamuweruze, ndipo ngakhale kubwalo la amfumu wolakwa amapatsidwa mpata umenewo.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mano. Gawo 153 la malamulo a milandu ku Malawi limapereka chilango chofika zaka 14 kundende. Mu 2011 kunawonjezedwa gawo 137A lokhudza akazi, la zaka zisanu. Mu June 2024, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre linakana pempho lofuna kuthetsa gawo 153. Choncho mtsikana amene angawerenge The Tale of the Shoe pafoni pake ali m'minibasi ya ku Ndirande n'kudziona mmenemo, akuwerenga za chinthu chomwe chingamuchotsere sukulu, banja, ngakhale ufulu. Mwina ndi amene mumaimba naye kwaya. Mwina ndi msuweni wanu amene amangoseka mukamufunsa za chibwenzi. Mukamanyoza pa WhatsApp, nayenso ali m'gulu lomwelo, akuwerenga mwakachetechete.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri m'bukuli ndi mmene analilukira. Nkhani iliyonse ikamatha, wofotokoza amatembenukira kwa mkazi wina wa m'nkhani yakeyo, nthawi zambiri yemwe tinkamuona ngati wongothandiza kapena woipa, n'kumufunsa za moyo wake wakale. Wofunsidwayo ndiye amafotokoza nkhani yotsatira. Motero mayi womupeza amapeza mpata wolankhula, wantchito nayenso, mpaka kufika kwa mfiti yokhala kuphanga, yomwe ndiyo imatseka buku. Palibe amene amatsala ali chilombo atapatsidwa mpata wofotokoza komwe wachokera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsapato ya Cinderella yadutsa ku China, ku Naples, ku France, ku Germany ndi ku Hollywood, ndipo aliyense amene anaigwira anaiyesa kuphazi kwake. Donoghue anachitanso chimodzimodzi. Mukaliwerenga bukuli mutha kulitseka maganizo anu ali momwe analiri, palibe vuto. Koma tsiku lina mukadzamva anthu akutchula munthu dzina lonyoza lija, yesani kuchita zomwe akazi a m'bukuli amachita: mufunseni kaye mwini wakeyo kuti nkhani yake ndi yotani, ndipo mudikire amalize.