Madzi Saiwala Khwawa

Kumudzi kwathu, kuseri kwa chulu chachikulu, kuli malo otsetsereka pang'ono amene m'chilimwe amaoneka ngati bwalo losesedwa. Mchenga wake ndi woyera, udzu sutalika, ndipo mlendo akawaona amayamba kuganiza zomangapo. Agogo anga aamuna ankaletsa aliyense kuikapo maziko. Ankati pamenepo ndi pakhwawa, ngakhale panali patapita zaka zambiri madzi osadutsapo. Msuweni wanga wina sanamvere. Anaumba zidina, namanga kanyumba kake, nafolera bwinobwino. Dzinja loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsanso. Lachitatu mvula inagwa masiku anayi osakata, madzi anatsika kuchokera kuphiri, nalowera pakhomo n'kutulukira kuseri atasenza khoma lonse. Agogo sanamunyoze. Anangoima pamatope paja n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, madzi saiwala khwawa."

Khwawa ndi njira imene madzi anadzikumbira okha. Limatha kuuma, kumera thengo, ngakhale kulimidwa chimanga, koma nthaka imakhalabe yopendekera komweko. Akuluakulu amanena mwambiwu pofuna kuchenjeza kuti khalidwe limene munthu kapena mudzi unazolowera limabwerera mpata ukapezeka. Amaunenanso za mwana amene anapita kutali koma tsiku lina amatulukira kwawo. Ine ndikufuna kuutengera ku ndale za dziko lino, chifukwa chisankho chikatha timakonda kunena kuti zonse zayambiranso mwatsopano, pamene nthaka imene tikupondayo ndi yomwe ija.

Khwawa lathu lalikulu linaonekera poyera mu 1964, mbendera yatsopano isanathe ndi miyezi itatu yomwe ili m'mwamba. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi. Pofika kumapeto kwa Ogasiti, nduna zinali zitayamba kudandaula kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Madandaulo awo sanali achilendo kwa munthu wamba. Sizinagwirizane ndi ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma. Zinkafunsa chifukwa chake maudindo akuluakulu m'boma anali adakali m'manja mwa azungu. Sizinakondwe ndi ubale wa Kamuzu ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Koposa zonse, zinatopa ndi kutchedwa anyamata pamaso pa anthu, ndi kuona nkhani zikuluzikulu zikugamulidwa ndi munthu mmodzi. Yankho linabwera pa 7 Seputembala: Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere, atangobwera kuchokera ku Canada, anachita chimodzimodzi. Aphungu atakumana ku Zomba anaima ndi Kamuzu, ndipo amene anafunsa mafunso aja anasanduka zigawenga.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi ndi chakuti ena mwa anthu amenewa ndi omwe anagwira khasu pokumba khwawalo. Chipembere ndi Chiume anali pakati pa achinyamata amene anaitana Kamuzu kuti abwerere kumudzi mu 1958. Anayendayenda m'midzi kumulengeza ngati mpulumutsi, chifukwa ankaona kuti nkhondo yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inkafuna dzina limodzi loti anthu onse azisonkhanapo. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinamupatsa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Cholinga chawo chinali chabwino, ndipo chitaganya chinagwadi. Koma madzi atasefukira, oyamba kukokoloka anali okumba aja. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 akulowa m'dziko ndi mfuti. Chipembere anafera ku America mu 1975. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, patangotsala miyezi yochepa kuti anthu avote pa riferendamu. Pakati pa zaka zimenezi, mu Meyi 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto.

Kenaka kunabwera chilimwe chimene ambiri tinakhulupirira kuti chaumitsa khwawa mpaka kalekale. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu anasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana chisankho. Makhadi a chipani analeka kufunsidwa pamsika ndi pokwerera basi. Amene anakhalapo masiku amenewo sangachepse chimene chinachitika, ndipo ine sindichepsa. Unali ufulu weniweni.

Komabe tayang'anani mmene mpando wa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko wayendera kuyambira pamenepo. A Justin Malewezi anachoka ku UDF n'kudzaima paokha mu 2004. A Cassim Chilumpha anamangidwa mu 2006 pa mlandu wofuna kupha a Bingu wa Mutharika. Mayi Joyce Banda anachotsedwa ku DPP mu Disembala 2010 adakali pa udindo. A Saulos Chilima anachoka ku DPP mu 2018 n'kuyambitsa UTM, ndipo atalowanso m'boma ndi a Lazarus Chakwera, analandidwa ntchito zimene ankapatsidwa mu Juni 2022, namangidwa mu Novembala chaka chomwecho, mlandu wake n'kudzathetsedwa mu Meyi 2024. Nkhani iliyonse ili ndi zifukwa zake, ndipo sindikunena kuti wachiwiri aliyense anali wosalakwa. Koma zipani zosiyana, anthu osiyana mitundu ndi zipembedzo, onse n'kugwera pa dzenje limodzi, zimenezo si nkhani ya mitima ya anthu yokha. Ndi nthaka imene inapendekera kumeneko, kumene mtsogoleri amaona aliyense woima pafupi naye ngati wolanda mpando.

Tiyang'anenso mayina amene timapatsa atsogoleri. Kamuzu anali Ngwazi, Mkango, Mpulumutsi. A Muluzi anali Atcheya. A Bingu nawonso anadzavekedwa dzina la Ngwazi ndi kutchedwa Mose wa lero. Kenaka tinakhala ndi Amayi, tinakhalanso ndi Adadi, ndipo mu 2020 tinalonjezana ulendo wa ku Kanani. Kulemekeza wamkulu ndi mwambo wathu, ndipo palibe choipa pamenepo. Vuto ndi lakuti mwana safunsa bambo ake mmene ayendetsera ndalama za pakhomo, pamene nzika iyenera kufunsa mtsogoleri mmene wayendetsera msonkho. Tikamutcha kholo, timadzimanga tokha pakamwa. Apa ndi pamene mwambi uja umatiloza ife eni ake, chifukwa nyimbo zotamanda siziimbidwa ndi mtsogoleri. Timaimba ndife, titavala nsalu yokhala ndi nkhope yake.

Ndipo pamene pali munthu wosafunsidwa, pamamera anyamata omuteteza. Kale anali apayoniya ndi ayufi. Nthawi ya UDF anali a Young Democrats. Nthawi ya DPP anali makadeti. Kutatsala tsiku limodzi kuti kuchitike zionetsero za pa 20 Julayi 2011, anyamata onyamula zikwanje anayendayenda mumzinda wa Blantyre, ndipo m'masiku awiri otsatirawo anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Mu 2025 zikwanje zinaonekanso ku Lilongwe, zikugwera anthu ochita zionetsero. Mtundu wa malaya ndi umene umasintha. Mnyamata wosowa ntchito amene amapatsidwa kandalama ka mowa kuti akamenye mnzake ndi yemwe uja.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, ndiye kuti tinalodzedwa, palibe chochita. Pamenepo ndiye kuti mwambi sanaumve bwino. Agogo ponena mawu aja sankatanthauza kuti tikhale manja lende kudikira madzi. Mlimi wodziwa khwawa amakonza akalozera, amabzala udzu wa vetiva, amaika miyala, madzi akabwera amachepa mphamvu. Ndipo mbiri yathu ili ndi masiku amene mizere yotere inagwira ntchito.

Limodzi mwa masiku amenewo ndi 4 Julayi 2002. Malamulo aakulu a dziko amalola mtsogoleri kulamulira materemu awiri otsatizana, koma ku nyumba ya malamulo kunabwera bilu yofuna kuchotsa malirewo. Inkafunika mavoti 128, inapeza 125. Mavoti atatu okha ndi amene anatilekanitsa ndi utsogoleri wa muyaya wachiwiri. Kumbuyo kwa mavoti atatuwo kunali mipingo, mabungwe, maloya ndi anthu wamba amene anakana poyera, ena akumenyedwa. Ambiri a iwo ankakumbukira 1971, chaka chimene Kamuzu anakhala mtsogoleri wa dziko wa moyo wake wonse, ndipo anazindikira kumene madzi ankalowera. Mu Epulo 2012, a Bingu atamwalira pa 5, panali ofuna kuti mpando usapite kwa wachiwiri wawo, koma asilikali anaima ndi malamulo ndipo Mayi Joyce Banda analumbira pa 7. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anafafaniza chisankho cha mu Meyi 2019 chimene mapepala ake anapakidwa Tipp-Ex, nagamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka.

Ovota nawonso akumba njira yawo. Anachotsa Mayi Joyce Banda mu 2014 pambuyo pa kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill. Anachotsa a Peter Mutharika mu Juni 2020. Pa 16 Seputembala 2025, atatopa ndi mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kukwera kwa mtengo wa chimanga ndi feteleza, anachotsa a Chakwera n'kubwezeretsa a Mutharika omwe aja. A Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Ichi ndi chinthu chonyaditsa, ndipo mayiko ambiri otizungulira sanachione. Koma kusintha munthu pa mpando zaka zisanu zilizonse ndi kusintha madzi chabe. Mphamvu zambiri zosankha akuluakulu a mabungwe a boma zidakali m'dzanja limodzi, ndipo aphungu amasamukirabe ku chipani cholamula ngakhale gawo 65 la malamulo likuletsa. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuchepetsa mphamvu zimenezi, chikalowa m'boma nkhaniyo imazilala.

Inu amene munabadwa nyali itapambana kale, pitani kwa agogo anu adakali moyo, muwafunse chimene chinkachitika munthu akafika pamsika wopanda khadi, ndi amene anasowa m'mudzi mwanu osabwereranso. Ndipo inu amene chipani chanu chili m'boma lero, ndikupemphani ndi mtima wonse: tsiku limene nduna, mtolankhani kapena wansembe adzafunse funso lovuta n'kuyamba kutchedwa mdani wa boma, musaombe m'manja. Imirirani naye tsiku lomwelo, ngakhale simukumukonda, ndipo muuzeni phungu wa kwanu kuti mwaona.