Mlandu wa kasawala ndi wa yani?

Ku Nkhotakota, msodzi akamakoka neti ya udzudzu m'madzi osaya momwe chambo chimaswana, amadziwa kuti akupha kasawala asanakule. Kodi wachimwa? Ana ake akudikira ndiwo, ndipo njala sidziwa kuti boma limatseka nyanja mu Novembala ndi Disembala.

Komabe chambo chikutha. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ina ya chambo m'gulu la zolengedwa zotsala pang'ono kutheratu. Makomiti a asodzi akamalanda manetiwo sakulakwa ayi.

Chovuta n'chakuti chilango chimagwera wosauka yekha. Kasawala yemweyo amakwera galimoto mpaka ku Lilongwe, kumene munthu wolandira malipiro apamwezi, wochokera kumene ku Misa, amangofunsa mtengo wa mulu n'kupempha basera.