Mkwiyo wanga ndi wanga ndekha kodi?

Kummwera chakum'mawa kwa dziko la Kenya, kufupi ndi tauni ya Voi, kuli mapiri a Taita. Anthu a mtundu wa Taita okhala kumeneko Namalenga amamutcha Mulungu, monga ife tomwe. Ambiri lero ndi Akhristu, koma makolo awo adasiya nzeru yoti nafenso tiilingalire.

Iwo sankalekanitsa thupi, maganizo ndi mzimu. Zonsezi zinkakumana mumtima. Mwana akamadwaladwala kapena ziweto zikamafa, sankangofuna mankhwala okha. Ankafunsanso kuti: kodi ndani pabanja pano wasunga mkwiyo? Ankatha kukhala bambo amene mwana wawo adawanyoza, kapena kholo lomwalira limene laiwalika. Wokwiyayo sankamuyesa mfiti ayi. Mwina iye mwini sankadziwa n'komwe kuti mtima wake ukupweteka wina.

Pofuna kukonza zinthu ankachita mwambo wotchedwa kutasa. Wokwiya uja ankavumata mowa wa nzimbe kapena madzi, n'kupemerera, kwinaku akunena mokweza kuti mkwiyo wautaya ndipo mnzakeyo akumufunira zabwino. Ngati pakamwa panena zina mtima uli kwina, mwambowo unkangopita pachabe. Grace Harris, amene adakhala pakati pawo, adafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1978, Casting Out Anger.

Abale anga, musandimve molakwa. Malungo sabwera ndi mkwiyo wa azakhali, amabwera ndi udzudzu, ndipo mwana akatentha thupi tithamangire naye kuchipatala. Kuloza chala m'bale chifukwa cha matenda kwapasula kale mabanja ambiri.

Koma pamfundo imodzi a Taita adatiposa. Ife am'tauni timati mkwiyo wanga ndi wanga, bola sindinatukwane munthu. Timangosiya kuyankha foni, pa WhatsApp tamutsekera, kumaliro tikhala mbali ina. Timati takhululuka chamumtima, koma sitifuna kunena ndi pakamwa kuti mnzathuyo amve. Chonsecho tulo sitikupeza, BP ikukwera, ndipo ana athu akukula osadziwa asuweni awo ngakhale amakwera minibasi imodzi. Kodi mkwiyo wotere tinganenebe kuti ndi wa munthu mmodzi?

Posachedwapa wansembe atiuza kuti tipatsane mtendere, ndipo tigwirana chanza ndi amene tayandikana nawo. Kwa mlendo dzanja limapita losavuta. Achimwene aja tidakangana nawo za poloti ya malemu bambo, mwina akhala benchi lachitatu kumbuyo kwathu.