Mawu a Akulu Akoma Akagonera

Makolo athu, amene ankaudziwa bwino mtima wa munthu, anaona kuti mwana sasamala malangizo pa tsiku limene awamva, koma amadzawakumbukira pamene tsoka lamugwera, ndipo pa chifukwa ichi anatisiyira mwambi wakuti mawu a akulu akoma akagonera. Tanthauzo lake ndi lakuti phindu la nzeru limachedwa kuoneka. Koma ngati amene ananena mawuwo watsikira kuli chete, ndipo amene anawamva wayiwala, pafunika wina woti awasunge kufikira tsiku la kukoma kwake. Ndipo ntchito yolemekezeka imeneyi ndiyo ya munthu wokonda mabuku.

Mu mzinda wa Timbuktu, m'dziko la Mali, munali mphunzitsi wotchuka dzina lake Ahmed Baba, amene anali ndi mabuku okwana 1,600 pamene ankhondo a ku Morocco anamutenga ukapolo mu 1594, namulanda chuma chakecho. Mabanja a kumeneko, poona nkhondo zobwerezabwereza, anaphunzira kubisa mabuku awo olembedwa pamanja, ena m'mabokosi, ena pansi pa mchenga, kholo kusiyira mwana, ngakhale pamene mwanayo sankatha kuwawerenga.

Mmodzi wa olandira cholowa chotere ndi Abdel Kader Haidara, amene bambo ake atamwalira mu 1981 anamusiyira mabuku a banja akali mnyamata wa zaka 17. Kwa zaka zambiri anayenda midzi yakutali, pena pa bwato pena pa ngamira, kunyengerera eni mabuku kuti atulutse mapepala amene chiswe ndi fumbi zinali zitayamba kale kudya, momwe munali za nyenyezi, za mankhwala, za masamu ndi za kaweruzidwe ka milandu. Zigawenga zitalanda mzindawo mu 2012, iye ndi anzake analongedza mabukuwo usiku m'masutikesi achitsulo, nawazembetsa pa galimoto ndi pa mabwato a mu mtsinje wa Niger kufikira ku Bamako. Kotero kuti pamene adaniwo anatentha mabuku pafupifupi 4,000 mu Januwale 2013, ena oposa 300,000 anali atapulumuka. Alembi a mabukuwo anafa kalekale osadziwa amene adzawawerenge, koma lero mawu awo akutsutsa bodza lakuti munthu wakuda analibe mbiri yolembedwa.

Chimene chindiwawa mtima nchakuti m'nyumba zathu zambiri buku la agogo, kaya ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara, kaya ndi buku lina lothothoka chikuto, limang'ambidwa tsamba ndi tsamba kukulungira matemba kapena kukolezera mbaula, pakuti tiyesa kuti chimene sichitithandiza lero sichidzathandizanso wina. Tisaweruze msanga chotero. Buku limene inu simunalimvetse lisungeni pouma, kutali ndi chiswe, pakuti mwina mwini wake ndi mdzukulu wanu amene sanabadwe.